Kagalu ka Yorkshire si chidole cha mwana

Pa Facebook ndi pa WhatsApp pafala uthenga wa ogulitsa tiagalu, makamaka ku Britain ndi ku South Africa komwe abale athu ambiri akukhala. Pa chithunzi pamakhala kagalu ka mtundu wa Yorkshire Terrier kali m'kapu ya tiyi, kariboni kumutu. Mawu ake amati kagalu kotere n'koyenera banja la ana aang'ono, sikalira kuphunzitsidwa, sikalira kukayenda nako, ndipo poti kamadya pang'ono, thumba silibooka. Ife tikutsutsa. Choona pamenepa n'chimodzi chokha: kamadyadi pang'ono.

Tiagalu timeneti sitinayambire pa miyendo ya madona. M'zaka za m'ma 1800, amisiri oluka nsalu ochokera ku Scotland anasamukira ku Yorkshire ndi ku Lancashire kukagwira ntchito m'mafakitale, ndipo anatenga agalu awo opha makoswe. Mwa agalu amenewo ndi momwe munatuluka mtundu wa Yorkshire. Msuweni wake, English Toy Terrier, mbiri yake ndi yamagazi kwambiri: mu 1848, pa malo omwera mowa a Blue Anchor ku London, kagalu kotchedwa Tiny, kosakwana makilogalamu 3, kanapha makoswe 200 ola lisanathe, anthu akubetcherana. Thupi analichepetsa, koma mtima wa ulenje ukadalipo. N'chifukwa chake kagalu kotere kamauwa tsamba likangogwa panja, kamathamangitsa chilichonse choyenda, ndipo kamaputa galu wamkulu kukaposa kakhumi.

Apa ndi pomwe nkhani yoti sikalira kuphunzitsidwa imavulaza anthu. Galu wamkulu akadzuma, mwini wake amachita mantha n'kuyamba kumuwongolera. Kakang'ono kakadzuma, pabalaza onse kuseka, wina n'kukanyamula n'kukasisita. Kagaluko kamaphunzirapo kuti kudzuma kumapindula, ndipo mawa kamaonjeza ndi mano. Amene amalumidwa ndi mwana wokwawa uja, chifukwa nkhope yake ndiyo ili pafupi ndi pakamwa pa galu. Kuphunzitsa tiagalu timeneti kukodza panja nakonso si masewera. Mvula ikamagwa kapena kukazizira, timasankha kapeti.

Mwanayo nayenso ndi ngozi kwa kagaluko. Yorkshire wamkulu sayenera kupitirira makilogalamu 3.2, ndipo mafupa a miyendo yake yakutsogolo ndi owonda ngati pensulo. Kakapulumuka m'manja mwa mwana, kapena kudumpha pa sofa molakwika, mwendo umathyoka, ndipo kuthyoka kwa pamalo amenewa kumavuta kupola chifukwa magazi safikapo okwanira. Nthawi zambiri dokotala wa ziweto amayenera kuchita opaleshoni n'kuikamo kachitsulo. Kholingo lake ndi lofooka, moti kukakokera ndi lamba wa m'khosi kumakakhosomoletsa. Eni ake odziwa amagwiritsa ntchito lamba wozungulira pachifuwa. Kafupa ka pamwamba pa bondo kamaguluka. Mano ali nawo 42, chiwerengero chomwe cha German Shepherd, koma m'kamwa mochepa chotero amapanikizana, zakudya n'kumatsalira, nkhama n'kuyamba kuola. Kutsuka mano a galu pansi pa mankhwala ogonetsa si ndalama yamasewera. Onjezani ubweya umene umangokula osaleka, wofuna chipeso tsiku ndi tsiku, muone ngati ndalama yomwe mwapulumutsa pa chakudya ikhalitse m'thumba.

Nanga aja a m'kapu? Palibe bungwe lalikulu loona za mitundu ya agalu, kaya Kennel Club ya ku Britain kapena American Kennel Club, lomwe limavomereza mtundu wotchedwa teacup, kutanthauza kapu ya tiyi. Oweta amangosankha tiana tonyentchera n'kutibereketsa tokhatokha, mtengo n'kuukweza. Tiana totere tikadumpha chakudya, shuga amatsika m'magazi, n'kuyamba kunjenjemera, kudzandira, mwina kukomoka.

Sitikunena kuti galuyu ndi woipa. Kwa agogo okhala okha m'fulati, kapena banja la ana osinkhuka odziwa kukhala pansi asananyamule galu, ndi mnzawo wanzeru, watcheru, wotha kukhala nawo zaka 12 kapena 15. Koma amafuna kuyenda naye tsiku lililonse, malamulo a m'nyumba, ndi katemera, ndipo kwathu kuno wa chiwewe sasiyidwa chifukwa galu ndi wamng'ono kapena wogona m'nyumba.

Amene muli ku England dziwani kuti kuyambira mu Epulo 2020 lamulo limaletsa kugulitsa kamwana ka galu kosakwana miyezi 6 kudzera mwa munthu wapakati. Muyenera kukatenga kwa woweta weniweni kapena ku malo osungira agalu osowa eni. Wogulitsa akafuna kuti mukumane pamalo oimika magalimoto, kapena akayamba kuzemba mukapempha kuona mayi wa kagaluko, bwererani ndi ndalama zanu.