Mwana Wothamanga Ali ndi Thupi Limodzi

M'midzi ya kwa Kaduya, m'boma la Phalombe, muli ana ambiri a liŵiro. Mtsikana wa sukulu amadzuka kusanache, natunga madzi, nathandiza amayi ake m'munda wa nandolo, kenaka nayamba ulendo wapansi wa kusukulu. Masana aphunzitsi a maseŵera amamuuza kuti atsalire, azungulire bwalo pokonzekera mpikisano wa masukulu. Loŵeruka anzake amamufuna ku mpira wa ntchemberembaye. Mnyamata nayenso amapalasa njinga kupita kumsika wa Migowi atanyamula thumba la mpendadzuŵa, ndipo madzulo amapezeka pabwalo la mpira. Aliyense wofuna mwanayo amaona mbali yake yokha, koma palibe amene amaŵerenga ntchito zonsezi pamodzi.

Kuthamanga ndi chinthu chabwino, ndipo makolo sayenera kuletsa ana awo. Kumalimbitsa mtima, mapapo ndi mafupa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse limalangiza kuti mwana wa zaka 5 mpaka 17 azichita zolimbitsa thupi kwa ola limodzi tsiku ndi tsiku. Liŵiro latchukitsanso dziko la Malaŵi. Catherine Chikwakwa anathamanga pa maseŵera a Olympics ku Sydney m'chaka cha 2000 ali ndi zaka 15 zokha, ndipo mu 2004 anakhala wachiŵiri pa mtunda wa mamita 5,000 pa mpikisano wa achinyamata a dziko lonse ku Grosseto, m'dziko la Italy. Chapafupi pomwepa, paphiri la Mulanje, pamachitika mpikisano wa Porters Race, umene umayambira ku Likhubula. Choncho mwana wa kwa Kaduya amene amakonda kuthamanga sakulota zachabe. Vuto limabwera pamene thupi lake lasenzetsedwa akatundu ambiri nthaŵi imodzi popanda chakudya chokwanira ndi mpumulo.

Phunziro lochokera kwa abale aŵiri

Kumaiko ena kuli mpikisano wotchedwa triathlon, umene munthu mmodzi amasambira kilomita imodzi ndi theka, napalasa njinga makilomita 40, nathamanganso makilomita 10 osapuma. Mpikisanowu unaloŵa m'maseŵera a Olympics m'chaka cha 2000. Ena mwa akatswiri ake amakhala ophunzira a m'sukulu za ukachenjede, ndipo ena amathamanganso mipikisano ya m'tchire ndi m'mapiri.

Mmodzi wa iwo anali Alistair Brownlee wa ku England, amene anakula akuthamanga m'mapiri a kwawo. Iye anayamba maphunziro a udokotala ku Cambridge, koma posakhalitsa anaona kuti maphunziro olemera otere sangayendere limodzi ndi kukonzekera mipikisano ikuluikulu. Sanasiye sukulu ayi. Anasamukira ku Leeds, kufupi ndi kwawo, nasankha maphunziro a za maseŵera ndi kagwiridwe ntchito ka thupi. Pambuyo pake anapambana mendulo ya golide ku London mu 2012 ndiponso ku Rio de Janeiro mu 2016. Iye anazindikira zimene akuluakulu ananena, kuti mapanga aŵiri avumbwitsa, ndipo anapepuza katundu wake thupi lisanamukanike.

Mng'ono wake Jonathan anaonetsa mbali ina. Mu Seputembala 2016, pa mpikisano wa ku Cozumel m'dziko la Mexico, iye anali patsogolo pa onse, atatsala pang'ono kufika pothera. Chifukwa cha kutentha ndi kutopa anayamba kudzandira ngati woledzera, mpaka mkulu wake anamugwiriziza kukafika naye pamzere. Ameneyu anali katswiri wokhala ndi madokotala ndiponso chakudya chabwino. Ngati dzuŵa linagonjetsa munthu wotere, nanga mwana amene wachoka kunyumba osadya kanthu, nathamanga pa dzuŵa la mu Okutobala m'chigwa cha Phalombe?

Chakudya, madzi ndi tulo

Mwana amene akukula amafuna chakudya cha ntchito ziŵiri: chokulitsa thupi ndi chopatsa mphamvu. Akamathamanga pamabwera ntchito yachitatu. Chakudya chikachepa, thupi limayamba kudzidya lokha, mwana amaonda, amadwaladwala, ndipo m'kalasi amangosinza. Zakudya zofunikazo si za m'sitolo ayi. Phala lothira nsinjiro m'maŵa, mbatata kapena chinangwa chotenga kusukulu, nsima ya nandolo, nyemba, matemba kapena dzira, ndiwo zamasamba monga bonongwe, chisoso ndi nkhwani, ndiponso nthochi, mango ndi mapapaya pa nyengo yake, zonsezi zimapezeka m'midzi momwemo. Banja limene limagulitsa nandolo yense osasungako wa ana limagulitsa mphamvu za anawo.

Madzi akumwa akhale oŵiritsa kapena othira mankhwala, ndipo mwana amwe asanathamange ndi pamene watsiriza. Mkodzo wochepa ndi wachikasu kwambiri umasonyeza kuti madzi achepa m'thupi. M'miyezi yotentha nthaŵi yabwino yothamanga ndi m'mamaŵa kapena dzuŵa litapendeka. Mwana akayamba chizungulire, mutu, kusanza kapena kulankhula zosokonekera, aleke pomwepo. Agonekedwe pamthunzi, amasulidwe zovala, athiridwe madzi ozizira m'thupi, ndipo ngati ali maso apatsidwe madzi pang'onopang'ono. Akapanda kutsitsimuka msanga, atengeredwe kuchipatala mosazengereza, pakuti kutentha kotere kumapha.

Wachinyamata amafuna tulo ta maola 8 mpaka 10 usiku uliwonse, ndiponso tsiku limodzi pa mlungu lopanda kuthamanga. Ena amayesa kupuma ndi ulesi, koma minofu imakula ndi kulimba pa nthaŵi yopuma yomweyo.

Matenda obisala

Pali matenda amene amafooketsa wothamanga mwakachetechete. Mwana wotentha thupi sayenera kuthamanga ngakhale tsikulo likhale la mpikisano. Ayenera kukapimitsa malungo. Kusambira m'madambo, m'minda ya mpunga ndi m'madzi odikha a kufupi ndi nyanja ya Chilwa kumabweretsa likodzo. Mwana wokodza magazi amataya mphamvu tsiku ndi tsiku, koma mankhwala ake alipo kuchipatala. Njoka za m'mimba nazonso zimachepetsa magazi.

Atsikana amafuna chisamaliro chapadera, chifukwa amataya magazi mwezi ndi mwezi. Mtsikana wotuŵa m'zikhatho ndi m'zikope, wopuma ŵefuŵefu pa kamtunda kakang'ono, mwina ali ndi magazi ochepa. Ngati wasiya kusamba kwa miyezi itatu pamene alibe pakati, kaŵirikaŵiri thupi limakhala likudandaula kuti ntchito yachuluka kuposa chakudya. Amayi kapena azakhali apite naye kwa anamwino, m'malo momukalipira kapena kumuganizira zoipa. Chimodzimodzinso ululu wa pamalo amodzi pa msongolo kapena paphazi, umene sukutha ngakhale atapuma: fupa likhoza kukhala litayamba kung'aluka, ndipo kuthamangirapo kumaliwononga.

Udindo ndi wa yani?

Ena anganene kuti ana a m'mudzi ndi olimba, ndipo makolo awo anakula akugwira ntchito zoposa zimenezi. Kulimba alidi nako, koma kulimba sikubwezera magazi amene likodzo ladya, ndiponso sikulumikiza fupa long'aluka. Enanso anganene kuti mwana angosiya maseŵera n'kulimbikira sukulu. Izi zimataya mphatso imene ikadangofuna kusamalidwa.

Chofunika n'chakuti pakhale munthu wamkulu mmodzi woŵerenga katundu yense wa mwanayo: mtunda wa kusukulu, ntchito ya kumunda, njinga, mpira, liŵiro ndi mayeso. Makolo ndi aphunzitsi a maseŵera akhale pansi, agwirizane. Mlungu wa mpikisano ntchito za pakhomo zichepe, nyengo ya mayeso kuthamanga kuchepe, ndipo mipikisano iŵiri ikayandikana mwana asankhe umodzi. Alangizi a zaumoyo a m'midzi angathe kuthandiza poona sikelo ya mwanayo ndi kumutumiza kukapimitsa magazi.

Mpikisano umabweranso chaka chamaŵa. Mwana amene wadya, wagona ndi kuchira matenda ake adzaupeza, ndipo satifiketi yake ya sukulu idzakhala m'manja.