Woyendetsa ndege wamantha ndi ngozi kwa bwana yemwe

Kukamba za ndege za anthu olemera pomwe ambirife tikulimbirana mpando m'minibasi kungaoneke ngati kusowa nkhani. Komabe ndiloleni, awerengi, pakuti pakati pa nkhaniyi pali ufulu wa wantchito woyankhula mopanda mantha, ufulu womwe ena mwa inu munauvutikira mpaka kuthawa m'dziko muno.

Ku Columbus, m'chigawo cha Ohio ku Amereka, kuli kampani yotchedwa NetJets, yomwe inagulidwa m'chaka cha 1998 ndi Berkshire Hathaway ya a Warren Buffett. Kumeneko mpondamatiki amagula gawo chabe la ndege ya jeti, ndipo akafuna ulendo amangoimba lamya, ndege nkubwera.

Tikaona yunifomu timati oyendetsa ndegezi ali pabwino. Zoona zake nzakuti ambiri amachoka pakhomo masiku 7 otsatizana, osadziwa kuti mawa agona mzinda uti, chifukwa ulendo umasintha malinga ndi zofuna za wokwera. Tsiku limodzi la ntchito litha kufika maola 14. Pa ndege zocheperapo, woyendetsa yemweyo ndiye amakweza masutikesi a bwana ndi kukonza m'kati ulendo ukatha.

M'chaka cha 2023 anzawo a ku Delta, kampani ya ndege zikuluzikulu, anawonjezeredwa malipiro ndi 34 peresenti pa zaka zinayi. Bungwe la NJASAP, loimira oyendetsa ndege oposa 3,000 a ku NetJets, linadandaula kuti malipiro awo atsalira, ndipo akatswiri odziwa ntchito akuchoka. Mu Meyi chaka chomwecho anakaima ndi zikwangwani ku Omaha, komwe eni masheya a Berkshire Hathaway amasonkhana chaka ndi chaka. Mu 2024 mbali ziwirizi zinagwirizana ndipo malipiro anakwera, koma chaka chomwecho kampani inasumira bungwelo kukhoti ponena kuti likuipitsa mbiri yake.

Ena anena kuti anthuwa amalandira ndalama zomwe mphunzitsi wa kwathu kuno sangazione moyo wake wonse. Nzoona. Ena anenanso kuti bungwe likamakamba za chitetezo pa nthawi yokambirana malipiro, mwina likungofuna kuopseza abwana. Nazonso nzotheka. Koma ine ndikuti yankho la dandaulo ndi umboni, osati kutseka pakamwa wodandaula. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Taonani zomwe zinachitikira kampani ina, ya Avjet, pa 29 Malichi 2001. Ndege yake ya Gulfstream III inanyamuka mochedwa ku Los Angeles kupita ku Aspen, bwalo la pakati pa mapiri komwe ndege ya mtunduwo sinkaloledwa kutera kukada. Munthu yemwe anachita hayala ndegeyo anali ndi phwando madzulo omwewo, ndipo atamva kuti mwina akatera pa bwalo lina anapsa mtima. Oyendetsa anapitiriza kutsika kuli chipale ndi mdima, bwalo osaliona bwino. Ndege inagunda phiri ndipo anthu onse 18 anafera pomwepo. Bungwe lofufuza ngozi la NTSB linapeza kuti oyendetsawo analakwitsa, koma linatchulanso kukakamiza kwa wochita hayalayo ngati chimodzi mwa zomwe zinathandizira ngoziyo.

Pagona nkhani mpamenepa. Mu ndege yaikulu wokwera saonana ndi woyendetsa. Mu jeti ya olemera, mwini ndalama amakhala pafupi, nkhope yake ikuoneka, mkwiyo wake ukumveka. Chida chachikulu cha woyendetsa pa nthawi imeneyo ndi liwu loti “ayi”. Munthu wotopa, wokhumudwa, woopa kuchotsedwa ntchito, liwu limeneli limamukanika pakhosi. Tsono bungwe lomuteteza akakana likuteteza moyo wa bwana yemwe amadana nalo.

Ife amene tinalira maliro a ku Chikangawa pa 10 Juni 2024 tikudziwa kuti nyengo yoipa ndi phiri sizisankha udindo wa munthu. Ndipo inu akuluakulu mukukumbukira Meyi 1992, pomwe antchito a ku David Whitehead ku Blantyre ananyanyala ntchito m'masiku amene kudandaula kunali mlandu. Ine ndinali ndisanabadwe, koma ufulu womwe ndikulembera lero unadutsa pa zipata za fakitale imeneyo.

Choncho ndikupempha aliyense wolemba ntchito munthu wonyamula miyoyo ya anzake, kaya mlengalenga kaya pamsewu: musamusandutse kapolo wa “inde bwana”. Mpatseni nthawi yopuma, mulipireni zokwanira, ndipo akakuuzani kuti lero sitipita, muthokozeni. Phwando limadikira, koma amene atsikira kuli chete sabwerera.