Akatswili athu adziwane kuti mlimi apulumuke

M'CAKA ca 2011 mvuu zoposa 80 zinafa mu mtsinje wa Luangwa, m'dela la Chama. Anthu a m'midzi yozungulila anaona ngati ndi nyama yamwai. Anasenda, anayanika, anadya. Zotsatila zake zinali zomvetsa cisoni: anthu oposa 500 anadwala matenda a anthrax ndipo asanu anamwalila. Imfa ya mvuu inali nkhani ya agemu, zilonda za anthu zinali nkhani ya a cipatala, koma matenda anali amodzi.

Phunzilo limeneli linabwelanso m'caka ca 2023. Bungwe la WHO linalengeza kuti pofika pa 20 November anthu 684 anali kuganizilidwa kuti agwidwa ndi anthrax m'maboma 44 mwa maboma 116 a dziko lino, ndipo anai anali atamwalila. Ku Sinazongwe ndiko kunavuta kopambana.

Tizilombo ta anthrax timatha kukhala m'nthaka zaka zambili. Ziweto zimatitenga podya msipu, ndipo ng'ombe imene inali bwino dzulo imapezeka itafa m'mawa, nthawi zina magazi akutuluka m'mphuno. Munthu amatenga matendawa posenda kapena podya nyamayo, ndipo pamapita masiku cilonda cakuda pakati cisanaoneke pakhungu lake. Masiku amenewo ndiwo mwai wathu. Ngati mlangizi wa ziweto auza a ku kiliniki tsiku lomwelo, iwo angakonzeletu mankhwala ndi kucenjeza midzi. Ngati ayamba kulemba lipoti lopita ku likulu ndi kuyembekeza yankho, uthenga udzafika maliro atayamba kale.

Boma linacita bwino pokhazikitsa pulani ya One Health ya zaka za 2022 kufika 2026, yogwilizanitsa oyang'anila umoyo wa anthu, wa ziweto ndi wa cilengedwe. Koma ife tikuti pulani yosainidwa ku Lusaka idzapindulila mlimi pokhapo pamene anchito a Boma a m'dela limodzi adziwana maina ndi nkhope. Mutu umodzi susenza denga.

Cotelo tikupempha kuti m'wadi iliyonse mlangizi wa zaulimi, mlangizi wa ziweto, namwino, mkulu wa agemu ndi mphunzitsi wamkulu azikumana kamodzi pamwezi pamodzi ndi anyakwawa. Aliyense akhale ndi nambala ya foni ya mnzake. Pamene a ziweto apita kukapeleka katemela wa ng'ombe, wa zaumoyo apite nao kukalankhula ndi anthu amene asonkhana kale. Mwana akabwela ku kiliniki atalumidwa ndi galu, a ziweto amve tsiku lomwelo, pakuti galu wa ciwewe saluma munthu mmodzi yekha. Zonsezi sizifuna nyumba zatsopano kapena ndalama zambili.

Palinso cifukwa cina. Ofufuza amene anafunsa anthu a ku Chama pambuyo pa mlili uja anapeza kuti ena anali okonzeka kudyanso nyama ya mvuu yofa yokha, cifukwa ca kusowa cakudya. Cenjezo la dokotala silimveka bwino m'khutu la munthu wanjala. N'cifukwa cake a zaulimi ndi oona za cithandizo ca anthu osowa ayenela kukhala pa bwalo lomwelo, kuti cenjezo lizifika pamodzi ndi njila yopezela ndiwo.

Ndipo inu alimi anzathu, mbali yanu ndi yaikulu. Ciweto cikafa mwadzidzidzi, musacisende, musacidye, musacigulitse. Uzani anyakwawa ndi mlangizi wa ziweto mwamsanga, kuti akulangizeni kakwililidwe kake m'dzenje lakuya. Pelekani ng'ombe zanu ku katemela caka ndi caka. Mukaona cilonda cacilendo mutagwila nyama, thamangilani ku cipatala, pakuti mankhwala alipo ndipo amaciza munthu akafika msanga. Mukatelo muuzenso namwino za ciweto cimene cinafa.

Mlimi sagawa moyo wake monga mmene Boma linagawila maunduna. Khola, munda, citsime ndi ana ake zili pakhomo limodzi. Iwo amene amalipidwa kuti amutumikile ayambe mwezi uno kukumana ndi kuuzana zimene aona.