Sainani Iwo Akuona

Ndime 282 ya Surat Al-Baqarah imatilamula kulemba ngongole ndi kuikapo mboni. Chikalata chikafunika chidindo cha boma, ife kuno ku Luwani timapita nacho kwa a majisitireti ku Neno kapena kwa loya. Koma ambirife timasainiratu kunyumba n'kutuma mwana. Akam'bweza sanalakwe ayi. Iwo amafuna mwiniwake afike yekha, aonetse chiphaso cha unzika chija tidalembetsa mu 2017, avomere kuti palibe wamukakamiza, ndipo asaine kapena adinde chala iwo akuona. Komatu chidindocho chimangochitira umboni kuti wasaina ndinudi. Sichinena kuti ndalama zalembedwazo ndi zomwe mudagwirizana. Agogo osadziwa kuwerenga awawerengere mdzukulu wawo, osati wokongozayo.