MLANGIZI WA PAMUDZI: Magiya Odzisintha Okha Amafa ndi Kutentha

Nyengo yogulitsa mbewu ikafika m'dera la Mfumu Zingalume, m'boma la Chadiza, vaneti sipumula. M'mawa imanyamula cimanga kupita naco ku depoti ya FRA, masana imatenga nshawa ndi soya za amalonda a ku Chipata, ndipo usiku, citseko cikagogodedwa, imathamangira ku cipatala ca paboma ndi mayi wapakati. Motero vaneti imodzi ikafa, wosauka sakhala mwini wake yekha. Mudzi wonse umabwerera ku ngolo ndi njinga.

M'masiku a Namboard, bungwe la boma logula mbewu limene linakhazikitsidwa mu 1969 ndi kuthetsedwa mu 1989, mlimi anali kufikitsa matumba ake pa depoti ndi ngolo, malole nkudzatenga. Mamotoka ocepa amene anali kuoneka kumidzi, monga Land Rover ndi Peugeot 404, anali a magiya a pamanja, ndipo makanika wa pansi pa mtengo anali kuwadziwa bwino lomwe. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, malonda atamasulidwa, mamotoka oyendapo kale a ku Japan anayamba kulowa ambiri kudzera ku Dar es Salaam ndi Nakonde, ena nkumacokera ku South Africa. Pakati pa amenewa pali mavaneti a dizilo a Toyota Hilux, Isuzu, Nissan, Mitsubishi ndi Ford Ranger okhala ndi magiya odzisintha okha, amene anthu amawacha otomatiki.

Madandaulo a eni mavaneti otere ndi ofanana. Wina amati motoka ikucedwa kulowa giya m'mawa, wina amati ikugunda posintha, winanso amati pacitunda injini ikungolira koma motoka osayenda. Ambiri akamva zimenezi amathamangira kuganiza za giyabokosi ina, imene mtengo wake ungathe kumeza zokolola za caka cathunthu. Koma kawirikawiri zizindikiro zimenezi ndi cenjezo cabe, ndipo gwero lake ndi limodzi: oilo wa m'giyabokosi watentha kopitirira muyezo.

MMENE IMAGWIRIRA NCHITO

Magiya odzisintha okha si acilendo padziko. Kampani ya General Motors ya ku America inawaika m'mamotoka a Oldsmobile a mu 1940 pansi pa dzina lakuti Hydra-Matic. Ngakhale asintha m'zambiri, maziko ake akali omwewo. M'malo mwa kilaci yoponda ndi phazi, pakati pa injini ndi giyabokosi pali cibumpha ca citsulo codzaza ndi oilo, cochedwa toko konveta. M'kati mwake muli mikombero ya mapiko yoyang'anizana. Injini imazungulitsa mkombero woyamba, umenewo umaponya oilo pa waciwiri, ndipo waciwiriwo ndiwo umayendetsa magiya.

Oilo yemweyo amapopedwa ndi pampu nkumakankha timbale topyapyala timene timagwirana ndi kulekana kuti giya isinthe. Amafewetsanso zitsulo ndi kucotsa kutentha. Tsono oilo mmodzi akugwira nchito zinayi: kunyamula mphamvu, kusintha magiya, kufewetsa ndi kuziziritsa. Amakhala bwino pa kutentha kwa pafupifupi madigiri 80. Akapitirira kwambiri amapsa, timbale tija timayamba kuterereka, kutererekako kumaonjezera kutentha, ndipo mapeto ake timbale timanyeka.

KATUNDU NDI NJIRA

Coyamba cimene cimatenthetsa oilo ndi katundu. Vaneti ya mtundu wa Hilux inapangidwa kunyamula pafupifupi tani imodzi, ndiko kuti matumba 20 a makilogalamu 50, ndipo ya mipando ya kumbuyo imanyamula zocepera apo. Anthu okwera pamwamba nawonso ali m'ciwerengero comweco. Mwini motoka amene amasanjikiza matumba 35 kuti apulumutse dizilo wa ulendo waciwiri amaiwala kuti pamene motoka yolemedwa ikukwawa mumcenga kapena pacitunda, mikombero ya m'cibumpha ija simayenda mofanana, ndipo mphamvu yotayikayo imasanduka kutentha. M'mwezi wa Okutobala, dzuwa lili pamutu, zinthu zimaipiratu. Mlimi aliyense amadziwa kuti ng'ombe yolemetsedwa imagona pagoli. Giyabokosi ilibe pogona, imangopsa mwakacetecete.

Opanga mamotoka anaikamo zothandizira, koma madalaivala ambiri sazigwiritsa nchito, poganiza kuti cilembo ca D ncokwanira ulendo wonse. Pa ndodo ya magiya ya mamotoka ambiri a ku Japan pali kabatani kolembedwa O/D. Kakadinidwa, giya yothera imatsekedwa, ndipo motoka yolemera imaleka kusinthasintha pakati pa giya yacitatu ndi yacinayi, kumene kumadya timbale. Pokwera kapena potsika citunda ndi katundu, dalaivala ayenera kuika pa 2 kapena pa L, kuti injini ithandize mabuleki. Amene motoka yake imakoka ndi mawilo onse anayi agwiritse nchito 4L mumcenga ndi m'matope.

Nthawi ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, misewu ya dothi ndi madambo zimatitimiza mamotoka. Pamenepo dalaivala wopupuluma amakankha ndodo uku ndi uku, pa D ndi pa R, ataponda moto wonse. Mphindi zowerengeka za khalidwe limeneli zimaononga kuposa miyezi yambiri ya ulendo. Nzeru ndi kutsitsa katundu, kukumba ndi khasu, kuika nthambi pansi pa mawilo, kapena kupempha ng'ombe za mnansi. Ndiponso motoka iyenera kuima ndithu dalaivala asanacoke pa D kupita pa R.

KUYEZA OILO

Kuyeza oilo wa giyabokosi kumasiyana ndi kuyeza wa injini, ndipo apa ndi pamene ambiri amaphonya. Pa mamotoka akale a Toyota ndi ena ofanana nawo, motoka iyambe yayenda kuti itenthe, iime pamalo athyathyathya, injini ikhale ikulira. Dalaivala, ataponda buleki, apititse ndodo pa zilembo zonse nkuibwezera pa P. Atatero asolole kandodo koyezera, akapukute ndi nsalu yoyera, akabwezere ndi kuonanso. Oilo afike pakati pa mizere yolembedwa HOT. Akacepa, pampu imayamwa mpweya ndipo magiya amacedwa kulowa. Akacuruka amacita thovu, ndipo zotsatira zake ndi zomwezo.

Maonekedwe ndi fungo zimanenanso zambiri. Oilo wabwino ndi wofiira ndi woonekera. Wakuda, wonunkha ngati nsima yopserera, ndi umboni wakuti timbale tayamba kunyeka. Wooneka ngati wasakanizidwa ndi mkaka walowa madzi, mwina powoloka mtsinje wodzaza, mwina cifukwa kapaipi koziziritsira oilo kamene kamadutsa m'munsi mwa redieta kabooka. Motoka yotere isayendenso mpaka makanika ataiona, pakuti madzi amasupula timbale.

Mtundu wa oilo nawo ndi nkhani yaikuru. Mamotoka ambiri akale amafuna Dexron, dzina limene General Motors inayambitsa mu 1967, koma ena a Toyota amafuna T-IV kapena WS. Mtundu woyenera umalembedwa pa kandodo koyezera kapena m'buku la motokayo. Oilo wa injini, oilo wolemera wa magiya a pamanja, ndi oilo wa mtundu wa CVT sayenera kuthiridwamo ngakhale pang'ono. Wogula apewenso oilo wopimidwa m'mabotolo a m'mbali mwa msewu, agule wa m'cigubu cosatsegulidwa.

Kwa vaneti yonyamula katundu m'fumbi, ndi bwino kusintha oilo isanapitirire makilomita 40,000. Posintha, makanika acotse beseni la pansi, atsuke kapena asinthe sefa, ndi kupukuta maginito amene amakola tizitsulo. Fumbi lakuda pang'ono pa maginito si vuto, koma tizidutswa tonyezimira ndi cizindikiro coipa. Mwini motoka adziwenso kuti oilo wotuluka m'beseni ndi gawo cabe, wambiri amatsalira m'cibumpha cija. Ncifukwa cake oilo wodetsedwa kwambiri amafuna kusinthidwa kawiri kapena katatu, motoka itayendako pakati.

MLANDU UKAKHALA KWINA

Nthawi zina giyabokosi imaimbidwa mlandu wa ena. Sefa ya mpweya ikatsekeka ndi fumbi, kapena sefa ya dizilo ikadzaza ndi zinyalala za m'migolo, injini imafooka. Dalaivala amaponda moto kwambiri, giyabokosi nkuyesa kuti motoka ili pacitunda, ndipo imakakamira giya yaing'ono kenaka nkusintha mogunda. Masefa awiriwa mtengo wake ndi wocepa, ndipo ayenera kuyamba kuonedwa.

Pa mamotoka ambiri akale pali nthambo yocokera ku copondera moto kupita ku giyabokosi, imene imauza giyabokosi kuti ikankhe timbale ndi mphamvu yotani. Ikalefuka, timbale timaterereka. Ikakokedwa kwambiri, magiya amagunda. Iyenera kubwezeredwa pa muyezo wa m'buku, osati kukokedwa mwa mphwayi kuti motoka imveke yamphamvu. Mamotoka ena amasinthidwa magiya ndi kabokosi ka magetsi, ndipo waya wodyeka kapena batire lofooka zingathe kuwasokoneza. Pa Toyota, kanyali kolembedwa O/D OFF kakamathwanima kokha, ndiko kuti kabokosiko kapeza vuto, ndipo makanika wodziwa angathe kuliwerenga popanda kumasula bauti ya giyabokosi ngakhale imodzi.

Ku America, eni mavaneti akuluakulu a dizilo, monga Dodge Ram imene inayamba kuikidwa injini ya Cummins mu 1989, amasintha timavalavu ta m'kati kuti magiya azigwira msanga pokoka katundu. Nchito imeneyo imafuna katswiri ndi zipangizo. Kwa mlimi wa kwa Zingalume, coonjezera copindulitsa ndi karedieta kakang'ono ka oilo koikidwa kutsogolo kwa redieta yaikuru, kumene kamathandiza kucotsa kutentha. Redieta yaikuruyo nayo izicotsedwa udzu ndi matope.

IKAFERA PANJIRA

Motoka ya otomatiki siliza ndi kukankha, ngakhale anyamata a mudzi wonse atasonkhana, cifukwa pampu ya oilo imayendetsedwa ndi injini. Pa cifukwa comweco, kuikoka ndi thirakitala mtunda wautali injini itazima kumapsereza giyabokosi, popeza zitsulo zimazungulira popanda oilo. Makanika ayambe wamasula shafiti yaitali ya pansi imene imapita ku mawilo a kumbuyo, kapena motokayo ikwezedwe pa lole. Mwini vaneti amene anangofooka batire angathe kufika pa garaja ali ndi matenda awiri, lacikuru litabwera ndi cingwe cokokera.

Ngati oilo ndi wabwino, masefa ndi atsopano, nthambo ili pa muyezo, koma magiya akutererekabe, pamenepo timbale tatha, ndipo mankhwala a m'botolo olonjeza kuciritsa giyabokosi sangatibweze. Motoka ipite kwa makanika amene anatsegulapo otomatiki, ngakhale kutakhala ku Chipata kapena ku Katete. Safunsa anadya phula: mwini motoka afunse kwa anzake za nchito ya makanikayo asanapereke ndalama, ndipo apemphe kuona zitsulo zakale zimene zacotsedwa.

Mabanja ambiri anagula vaneti ndi ndalama za fodya, thonje ndi ng'ombe zimene anasunga zaka zambiri. Cuma cotere cimasungika ndi nsalu yoyera ndi mphindi zisanu za kuyeza oilo sabata iliyonse, ndiponso ndi mtima wolola kupita kawiri ku depoti ndi matumba 20 m'malo mopita kamodzi ndi 35. Msika usanatsegulidwe caka cino, mwini vaneti aliyense asolole kandodo kaja, aone mtundu wa oilo ndi kununkhiza.