Mathithi sathawa, yambani mwalowa m'tauni

Alendo ambiri opita ku Livingstone amatera pabwalo la ndege la Harry Mwaanga Nkumbula n'kukwera galimoto yowatengera kumahotela a m'mbali mwa Zambezi. Tauniyo amangoionera pawindo. Akanyowa ndi nthunzi ya mathithi a Mosi-oa-Tunya, olimba mtima n'kudumpha pamlatho chingwe chili m'miyendo, ulendo wathera pomwepo. Ine ndimati amenewa afika kumathithi, koma ku Livingstone sanapondeko.

Tauniyi, yomwe ili makilomita pafupifupi 10 kuchokera kumathithi, inabadwa ndi njanji. Mlatho utatha mu 1905, azungu a ku Old Drift, komwe malungo ankawapulula, anasamukira kumtunda. Njanjiyo ndi macheka a Zambezi Sawmills zinakoka anthu: Alozi ochokera ku Barotseland, Atonga, amwenye a masitolo, ngakhalenso Ayuda ochokera ku Lithuania monga banja la Susman. Onsewa anapeza eni nthaka alipo kale, a Toka-Leya a Mfumu Mukuni. Sunagoge amene Ayudawo anamanga m'ma 1920 akadalipo, kungoti lero ndi tchalitchi. Mbiri yawo mukaipeza m'kanyumba kena pa Railway Museum, pakati pa masitima akale amalasha.

Tisanamizane kuti anthuwa ankadyera mbale imodzi. Atsamunda anagawa tauni potengera khungu: makhonde aakulu ndi mitengo yamthunzi kwa azungu, anthu akuda ku Maramba. Mukayenda wapansi kuchoka pamsewu wa Mosi-oa-Tunya kulowera kumakomboni, malire akalewo mumawaona ndi maso.

Amalawi nkhani ya tauniyi tingaimve msanga, chifukwa ndi Zomba yeniyeni. Inali likulu la Northern Rhodesia kuyambira 1911, kenaka Lusaka anailanda mpando mu 1935. Boma la Michael Sata nalo linasamutsira likulu la chigawo cha Kummwera ku Choma. Fakitale yolumikiza magalimoto a Fiat inatseka kalekale. Chatsala ndi alendo, ndiye zimandiwawa kuona madola awo akuthera kumtsinje pamene amayi a m'tauni akuwerenga makobidi.

Mukapita, patulani tsiku. Yambirani ku Livingstone Museum, yomwe inayamba mu 1934 ndipo imasunga makalata a David Livingstone, mwana wa ku Blantyre ya ku Scotland. Mukatero kwerani takisi ya ku Maramba. Pamsika pamenepo pali zitenje, kapenta, chikanda ndi finkubala (mphalabungu), ndipo mayi mmodzi amatha kutsatsa malonda m'Chitonga, n'kukalipira mwana m'Chilozi, n'kupereka chenji m'Chibemba. Inu mukafunsa mtengo m'Chichewa adzakuyankhani m'Chinyanja, mwina n'kukutchulani achimwene. Musayembekeze kuti chibalecho chitsitsa mtengo wa chitenje.