ZA PAULENDO: Kamuvi ka Mafuta m'Galimoto Zakale za Dizilo

M'mipingo yathu yambiri muli galimoto imodzi imene imasenza zothodwetsa za anthu onse. Ndiyo imathamangira ndi wodwala kuchipatala pakati pa usiku, ndiyo imanyamula bokosi tsiku la maliro, ndiyonso imapereka amayi a Chigwirizano kumsonkhano. Kaŵirikaŵiri imakhala yakale ndiponso ya dizilo, Land Rover kapena Hilux kapena Peugeot 504, pakuti zoterezi ndizo zimapirira misewu yathu ya fumbi ndi matope. Mwini wake amadziŵa kulira kwa injini yake monga momwe mayi adziŵira kulira kwa mwana wake. Koma pali kanthu kamodzi kamene eni galimoto ambiri amakakhulupirira koposa muyeso, ndipo ndiko ndifuna kuti tikambirane mwezi uno: kamuvi koonetsa kuchuluka kwa mafuta, kamene amakaniko amati geji.

Kamuvi kameneka sikaona mafuta ayi, kamangouzidwa. M'kati mwa thanki muli kachitini kotseka kopanda kanthu, koyandama pamwamba pa dizilo, komangirira ku kamkono ka waya. Mafuta akamatsika kachitinika kamatsika nawo, ndipo kamkono kaja kamakhula pa kawaya kopyapyala, nikasintha mphamvu ya magetsi opita ku kamuvi. M'galimoto zambiri zakale magetsiwo amatenthetsa kachitsulo kamene kamapindika kakamva kutentha, ndipo kupindikako ndiko kumasuntha kamuvi. Ichi ndicho chifukwa chake mukatembenuza kiyi m'maŵa kamuvi kamakwera mwaulesi, ngati mwana wotumidwa asanadye. Tsono uthenga wodzera m'manja ambiri chotere sulephera kupotoka panjira. Zikapita zaka makumi atatu kapena anayi, kachitini kaja kamabooka n'kumwa dizilo, nikamira, ndipo kamuvi kamanena kuti mafuta atha pamene alipo. Kawaya kaja kamaperepeseka pamalo pamene kamkono kamakhulapo kaŵirikaŵiri, kotero kuti kamuvi kakafika pamenepo kamalumpha kapena kugwa. Dzimbiri limadya polumikizira mawaya. Nayo thanki imene inagunda mwala pansi n'kuphwanyikira m'kati siloŵanso malita amene inkaloŵa kale.

Ngakhale galimoto ili yatsopano, theka la kamuvi silinali theka la thanki. Thanki siwumbidwa ngati ndowa. Imapindidwa kuti ipeze malo pakati pa zitsulo za galimoto, kwina yotakata, kwina yopanikiza. Ndiponso mukadzaza mpaka pakamwa, kachitini kaja kamagunda denga la thanki n'kukhala pomwepo kufikira mafuta atatsika ndithu. Motero kamuvi kamachedwa pa F, mtima wa dalaivala nukhala pansi, koma kakangodutsa pakati kamathamangira ku E ngati kakuthaŵa ngongole.

Titenge chitsanzo cha Land Rover Series III, imene inapangidwa ku Britain kuyambira mu 1971 kufikira mu 1985. Yaifupi ija ili ndi thanki pansi pa mpando wa dalaivala, yoloŵa magaloni 10, ndiwo malita 45. Kumbuyo kwa mageji ake kuli kabokosi kakang'ono kamene ntchito yake ndi kuchepetsa magetsi a batire kuti akhazikike pa mavolti pafupifupi 10, ndipo kamadyetsa mageji aŵiri, ya mafuta ndi ya kutentha kwa injini. Kabokosika kakaonongeka n'kuyamba kudutsitsa magetsi onse a batire, mivi yonse iŵiri imakwera koposa choonadi. Bodza ili ndilo loopsa, pakuti limalonjeza mafuta amene kulibe. Chizindikiro chake n'chapafupi: mukaona kuti geji ya kutentha yayamba kukwera pamene injini siinatenthe mwachilendo, ndiponso kuti mafuta akuoneka ngati sakutha msanga masiku ano, musati mwadalitsidwa. Pitani kwa makaniko akaone kabokosiko asanamasule thanki.

Mwina wina afunsa kuti, nanga mafuta akatha si kungothira ena? Kwa galimoto ya petulo zili pafupifupi choncho. Ya dizilo ili ndi khalidwe lina. Injini imene Rudolf Diesel anaiyendetsa bwino koyamba ku Augsburg, m'dziko la Germany, mu 1897, siyatsa mafuta ndi moto wa mapulagi. Imafinya mpweya kufikira utatentha kwambiri, ndipo pampu imakankha dizilo mwamphamvu kudzera m'mapaipi achitsulo kuti apopedwe mumpweya wotenthawo, nayaka yekha. Dizilo safinyika, chifukwa chake pampu ikamukankha amatsegula potulukira. Mpweya umafinyika ngati thonje. Ukangoloŵa m'mapaipi, pampu imakankha pachabe, ndipo ngakhale mutadzaza thanki, galimoto zakale zambiri sizilira kufikira mpweyawo utachotsedwa ndi manja. Amene sadziŵa izi amalimbikira kutembenuza kiyi mpaka batire itatha, ndipo mavuto amakhala aŵiri. Komanso m'pampu zambiri zakale, monga ya CAV ya mu Land Rover ija, dizilo yemweyo ndiye amafeŵetsa zitsulo za m'kati kuti zisaperesane. Kuizunguza youma ndiko kuifupikitsira moyo, ndipo mtengo wokonzetsa pampu ungagule mafuta a maulendo ambiri.

Dziŵaninso kuti mpweya ungaloŵe thanki isanaume. Mafuta akatsala pang'ono amatsata kupendekeka kwa galimoto. Pokwera mapiri a pakati pa Golomoti ndi Masasa, kapena potsikira ku Chikwawa, malita anayi otsalawo amathaŵira mbali imodzi, paipi yokoka mafuta n'kutsala pamtunda. Kugavira kwa mafuta ochepa kumavundulanso zinyalala ndi madzi okhala pansi pa thanki, n'kuzitumiza ku sefa. Galimoto imene injini yake yazima pamtsetse imalemera mabuleki ngati ali othandizidwa ndi injini, ndipo kumbuyo mwanyamula ana a kwaya.

Mboni yodalirika ndi nambala zoŵerenga mtunda pamodzi ndi cholembera. Dzazani thanki, mulembe nambala imene ili pa geji ya mtunda. Yendani monga mwa masiku onse, ndipo podzathiranso mudzaze mpaka pamalo omwe aja, nimulembe malita amene aloŵa ndi nambala yatsopano. Tiyerekeze kuti mwayenda makilomita 280 ndipo mwaloŵa malita 28: ndiye kuti lita imodzi ikukuyendetsani makilomita 10. Chitani zimenezi katatu kapena kanayi, pakuti ulendo umodzi ungakunyengeni. Papepala, thanki ya malita 45 ingakufikitseni makilomita 450, koma gawo limodzi la magawo anayi muliyese ngati si lanu, pa zifukwa tanena zija. Otsala ndi makilomita osakwana 340. Kuchokera ku Lilongwe kufika ku Blantyre kudzera ku Dedza ndi ku Ntcheu pali makilomita oposa 300 pang'ono. Mudzafika, koma mudzafika mulibe kanthu kokhotera nako kukaona achibale. Mukasenzetsa matumba a chimanga, mukayenda m'matope ndi magiya aang'ono, kapena matayala akakhala ofooka mpweya, chiŵerengero chija chimatsika.

Posanthula masamuŵa pali misampha iŵiri. Galimoto zochokera ku Britain zimaŵerenga mamailosi, ndipo mamailosi 5 ndi makilomita pafupifupi 8. Mabuku ena a galimoto amanena magaloni, koma galoni ya ku Britain ndi malita 4.5 pamene ya ku America ndi malita 3.8. Ngati munaika matayala aakulu koposa amene galimoto inabwera nawo, nambala zija zimaŵerenga mtunda wochepa koposa umene mwayenda, ndipo ndi bwino kuziyesa pamsewu umene kutalika kwake mukukudziŵa.

Sindikunena kuti kamuvi mukataye. Tsiku lina kakafika pakati penipeni dzazani thanki, mulembe malita amene aloŵa. Tsiku linanso chitani chimodzimodzi kakafika pa mzere wotsiriza usanafike E. Mukatero mwadziŵa chimene kamuvi kanu kamatanthauza kakaloza malo akutiakuti, ndipo ngati kalakwa mofanana tsiku ndi tsiku kangakutumikirenibe. Kamene kamanena zina lero, zina maŵa, nkofunika kukonzetsa.

Kwa inu achinyamata amene bambo ayamba kukudalirani ndi kiyi, pano pali nkhani ya chilungamo. Ambiri amabweza galimoto nati, kamuvi kali pomwe ndinakapeza. Mwina sakunama, koma taona kuti kamuvi kangathe kukhala pa F galimoto itayenda ulendo ndithu. Ŵerengani makilomita amene mwayenda, mubweze malita ake; ngati ndalama mulibe, nenani poyera kuti bambo asanyamuke usiku akuyesa kuti ali ndi mafuta amene inu munawatha. Chimodzimodzinso galimoto ya mpingo imene imayendetsedwa ndi anthu angapo: mukhale kabuku kolembamo tsiku, nambala ya mtunda ndi malita, ndipo madikoni azikaona. Kabuku kotere kamateteza mbiri ya dalaivala wokhulupirika pa tsiku limene anthu ayamba kunong'onezana.

Fanizo la anamwali khumi la pa Mateyu 25 ndilisiyira abusa, pakuti likamba za zinthu zazikulu koposa dizilo. Ndingobwerekako chimodzi: mafuta a opusa aja anaperewera chifukwa mkwati anachedwa. Anayesa muyeso wa usiku umene zonse ziyenda bwino. Pamsewu kuchedwa kumadza ndi mlatho wokokoloka umene ukuzungulitsani makilomita 40, kapena pomwetsera mafuta pamene munadalira koma mwapeza palibe. Tonse tikumbukira mizere ya galimoto ya mu 2011 ndi 2012, ndiponso ya mu 2022 ndi 2024. Pa ulendo wautali wa kumudzi tengani chigubu cholimba cha malita 10 kapena 20, chotseka bwino, chimene sichinasungepo madzi kapena petulo, ndipo muchimangirire kutali ndi anthu. Dizilo wogula m'zigubu za m'mbali mwa msewu sadziŵika chimene anasakanizamo. Mukakakamizika kumugula, muthireni kudzera pa nsalu yoyera, ndipo mukafika mukhetse madzi pansi pa sefa ngati yanu ili ndi pokhetsera.

Injini ikayamba kutsamwa ndi kuchepa mphamvu pamene mukudziŵa kuti mafuta ali pansi, patukani pamalo abwino muizime nokha isanazime yokha, pakuti mpweya wochepa suvuta kuchotsa. Mukathira mafuta, masulani pang'ono kabawuti ka pamwamba pa sefa, mupope ndi kapampu ka manja kufikira dizilo atuluke wopanda thovu, nimumange. Ikakanabe kulira, amakaniko amamasula pang'ono manati a mapaipi achitsulo pofikira pa injini, wina natembenuza kiyi mwa kanthaŵi kochepa. Pamenepo manja ndi maso zikhale kutali, chifukwa dizilo wotuluka m'mapaipi amenewo ali ndi mphamvu yoboola khungu, ndipo bala lake ndi la kuchipatala msanga. Malo a kabawuti ndi kapampu amasiyana galimoto ndi galimoto. Pemphani makaniko wanu akuonetseni pa yanuyo masana a Loŵeruka, mwana amene amayendetsa ali pomwepo, ndipo sipanala yake muisunge m'galimoto pamodzi ndi tochi.